Madzi Ogona

Nyumba ya mwana wanga wamkazi ku Dowa Boma idali ndi malo a nkhalamba imodzi, koma nkhalamba tidalimo ziwiri.

Woyamba kufika ndidali ine. Mkazi wanga atamwalira, abale ake adadikira kuti zamaliro zonse zithe, kenaka adandisudzula mwaulemu, nandiuza kuti ndine womasuka kubwerera kwathu. Ndidawathokoza, chifukwa ndi mmene munthu amachitira. Koma kwathu kudali kuti? Ndidalowa chikamwini m'mudzi mwawo, kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ndili ndi mano onse m'kamwa. Kumene ndidabadwira kudatsala manda ndi anthu ondidziwa dzina lokha. Mwana wangayo, amene amagwira ntchito mu ofesi pa Boma, adabwera ndi galimoto yobwereka nadzanditenga pamodzi ndi chikwama changa ndi mpando wanga wandalema. Adandipatsa chipinda cha alendo, cha bedi ndi zenera loyang'ana kumsewu.

Chaka chotsatira kudabwera amayi a mwamuna wake, asewere anga. Adati adzaonetsa mwendo kuchipatala. Mwendo udapola, koma za minibasi yobwerera ku Madisi, kumene adali ndi nyumba yawoyawo ya malata, sadazitchulenso. Popeza iwo ndi amayi, chipinda chija chidapita kwa iwo, ine n'kundiyalira m'kachipinda kosungiramo chimanga, kamene nthawi ya dzinja kamakhala kopanda kanthu. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti akakolola kumunda kwa akamwini, matumba adzafuna malo awo, ndipo mmodzi wa ife awiri adzanyamuka. Palibe adazitulutsa pakamwa zimenezi. Tinkangoyang'ana chimanga cha m'minda ya m'mbali mwa msewu chikukula.

Mayi amenewa ndidawada, ndipo sindibisa. Adaphunzira ku mishoni ali mtsikana, adakwatiwa ndi mphunzitsi, ndipo ankayankhula ndi wailesi yakanema m'Chingerezi ngati imawamva. Ine zilembo ndidaziphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, nditakhala pabenchi limodzi ndi amayi oyamwitsa. Iwo adazimva zimenezi pa chinkhoswe cha ana athu ndipo sadaziiwale. Kukabwera alendo, ankatulutsa kapepala ka m'bokosi la mankhwala awo, kolembedwa tizilembo ta Chingerezi tonga nyerere, n'kundipatsira pamaso pa anthu.

"Asewere, tandiwerengerani apa. Maso anga atopa."

Ine ndinkayankha kuti magalasi anga ndidawaiwala kumaliro. Alendo ankaseka osadziwa bwino kuti akuseka uti.

Akamwini anga adali munthu wosayankhulayankhula, wa ku ofesi ya zaulimi. Chimene ankachikonda padziko pano, kupatula mwina mkazi wawo, idali thanki ya galasi imene adagula ku Lilongwe naiika pabalaza. Mudali timiyala toyera pansi, udzu wa pulasitiki, kapampu kotulutsa thovu, ndi tinsomba tofiira ngati nachesi wakupsa. Nsomba zosadya. Poyamba ndidaziona ngati misala ya anthu olandira pamwezi, kudyetsa ndiwo m'malo moti ndiwo zikudyetse. Koma munthu ukamakhala tsiku lonse m'nyumba ya eni, maso amafuna poti atere. Ndidayamba kukokera mpando wanga pafupi. Idalipo imodzi yamathothomathotho, yamchira wong'ambika, imene zinzake zinkaithamangitsa pa chakudya. Imeneyo ndinkaithirira chake pakona, akamwini asakuona.

Mvula itakhazikika, akamwini adatumizidwa ku maphunziro a ntchito ku Lilongwe, oti azibwera Loweruka lokha. Asadanyamuke adandiitanira pathanki paja nandiuza kuti nsombazo azisiya m'manja mwanga. Ndidavomera msanga kuposa mmene ulemu umafunira. Ndidaona kuti ndikakhala ndi ntchito yanga m'nyumbamo, pokolola sadzandiwerengera ngati mlendo.

Adandiphunzitsa modekha. Adati madzi a pampopi ali ndi klorini, mankhwala opha tizilombo kuti anthu tisatsegule m'mimba, koma nsomba amaiotcha mmene imapumiramo, m'mbali mwa mutu umu. Adali ndi kabotolo ka madontho ochotsa kloriniyo, koma kadali katatha, ndipo pa Boma panalibe sitolo yogulitsa zotere. Njira yotsala idali kudikira. Adagula ndowa ziwiri zatsopano nati zimenezi zisadzaone sopo. Ndizitungiramo madzi pampopi, ndiziziika m'kakhonde ka m'kati zosavundikira, ndizitakasa ndi ndodo yoyera kuti mankhwalawo atuluke ndi mpweya. Zizikhala m'nyumba, osati panja, kuti madzi ake asazizire kuposa a m'thanki, pakuti madzi a pampopi pa Dowa m'mawa amaluma zala. Tsiku losintha ndipope ndi kapaipi gawo lochepa la madzi akale, osati onse, n'kuthira atsopano pang'onopang'ono pa mbale yoyandama kuti ndisavundule timiyala. Manja anga afodya asalowe m'madzimo.

"Chachikulu n'chakuti madzi agone, bambo," adatero. "Agone, agonenso. Musadathire muzinunkhiza. Mukamva fungo la kuchipatala, asiyeni agonebe."

Adandisendezera ndowa ya madzi ongotunga kumene kuti ndilidziwe fungolo. Ndidawerama, ndidakoka mpweya, ndidagwedeza mutu. Sindidamve kanthu. Mphuno yanga idafa kalekale ndi fodya, wa m'zigafa ndi wa m'kabotolo yemwe. Ndikadanena, ntchitoyo ikadapita kwa asewere. Ndidati ndalimva bwino lomwe.

Mawu akuti madzi ogona adandiseketsa mumtima. Moyo wanga wonse madzi ogona adali chinthu chamanyazi. Mkazi wanga m'mamawa uliwonse ankakhuthula otsala mumtsuko patsinde pa nthochi, n'kupita kudambo kukatunga ena. Tsiku limene wandipatsa ogona ndinkadziwa kuti ndamulakwira, ndipo ndifufuze ndekha pamene ndalakwa. Mlendo kumupatsa madzi ogona kudali kumuuza kuti msewu uli apo. Tsopano ukalamba wanga udadzakolekedwa pa ndowa ziwiri za madzi ogona.

Chaka chimenecho kudabuka kolera. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kugawa klorini m'mabotolo, akuuza anthu kuti madzi onse azivundikira. Asewere adapeza poimira. Akamadutsa m'kakhonde muja ankakweza chitenje ngati akuwoloka matope. Ndowa zanga adazitcha zitsime za udzudzu. Adauza mwana wanga kuti kwawo nyumba yogoneka madzi pululu ndi ya mkazi waulesi, apo ayi ndi ya anthu amene ali ndi alendo odzasamba anzawo akagona. Mwana wanga adayankha kuti limenelo ndi lamulo la eni nsomba, ndipo nkhani idaoneka ngati yatha.

Kuti pasakhale wonamizira kusadziwa, ndidatenga penti wotsala m'kachitini ndi kulemba pandowa iliyonse kuti MADZI OGONA OSATAYA. Zidanditengera m'mawa wonse. Asewere adaima, adavala magalasi, adawerenga mokweza mawu amodziamodzi, kenaka adandifunsa ngati ku sukulu ya kwacha chilembo cha S chimayang'ana kumbuyo chifukwa choopa aphunzitsi. Ndidati chimayang'ana kumbuyo kuti chione amene akubwera kudzaba madzi. Ndidanena mongobwezera. Sindidadziwe kuti ndanena zoona.

M'mawa uliwonse, nditamwa tiyi ndi kutakasa ndowa zanga, ndinkatsetserekera kumsika kukasewera bawo ndi nkhalamba zina pansi pa mtengo. Ndinkabwerako dzuwa lili pamutu. Tsiku loyamba losintha madzi ndekha ndidabwerako msanga. Ndowa zidali pamalo pake, zodzaza, madzi ali oyera. Ndidanunkhiza mongokwaniritsa lamulo. Ndidapopa akale mpaka pamene adandisonyeza, ndidathira atsopano pambale, ndipo ndidakhala pampando wanga kuti ndione nsomba zikusangalala.

Sizidatenge nthawi. Zidayamba kuthamanga uku ndi uku, kudzigunda pagalasi, kenaka zonse zidakwera pamwamba, kukamwa kuli yasa, ngati zikufuna kuluma mpweya. Ina idagona cham'mbali, idadzuka, idagonanso. Ndidaimirira ndi kapaipi m'manja. Madzi ena ogona ndidalibe, ndipo a pampopi ndiwo adali oletsedwawo. Ndidangoyang'ana. Pofika nthawi yoweruka m'maofesi zambiri zidali zitayandama, mimba zili m'mwamba. Zidatsala ziwiri, imodzi mwa izo yamchira wong'ambika ija.

Kafedwe kameneko ndimakadziwa. Zakufazo ndidazivuula ndi kasefa, madzi akutayikira pansi. Asewere adatuluka m'chipinda mwawo, adasuzumira m'mbale mmene ndidaziika, nanena motsitsa mawu ngati akuyankhula ndi khoma.

"Si koyamba asewere kuyandamitsa nsomba."

Mwana wanga atabwera kuntchito, adamufotokozera zonse ali kukhitchini, chitseko atachisiya dala chosatseka. Mayi amenewa, asadakwatiwe ku Madisi, adabadwira m'mphepete mwa kamtsinje kamodzi ndi ine, mudzi wawo kumunsi, wathu kumtunda. Adati chaka china cha chilala anyamata a kumtunda adasinja katupe, mizu ija yoledzeretsa nsomba, nathira padziwe limene akumunsi ankatungapo madzi akumwa, osawachenjeza. Nsomba zidayandama zodzaza malichero. Sabata lomwelo ana a kumunsi adadwala, ndipo mmodzi, mwana wa azakhali awo, sadadzuke. Adati wosinjayo adali mnyamata wamtali wodziwa mizu, ndipo mwana wanga ayang'ane yekha msinkhu wa bambo ake.

Sindidayankhe tsiku limenelo, ndipo pano sindiyankha. Padziwe paja tidalipo anyamata ambiri. Nthawi ya chilala ana amadwala ndi zinthu zambiri. Nsomba za mumtsinje ine sindidya, koma anthu osadya nsomba alipo ochuluka.

Loweruka akamwini adabwera. Adaima pathanki nthawi yaitali chikwama chikadali paphewa. Adandifunsa ngati madzi adagona, ndidati adagona. Adafunsa ngati ndidanunkhiza, ndidati ndidanunkhiza. Sadakalipe. Adangoti ndipitirize ndi ziwiri zotsalazo, koma adanena akuyang'ana nsomba, osati ine. Mawa lake mwana wanga adayamba kundifunsa za mwana wa mlongo wanga amene ali ndi golosale pa Malomo, ngati kuseri kwa golosaleyo kukadali kachipinda kaja. Adafunsa ngati nkhani wamba, akupukuta mbale. Chimanga m'minda chidali chitabereka.

Ndidaganiza kwambiri. Sopo sindidagwire, ndodo idali yoyera, ndowa zidali zomwezo. Chinthu chimodzi chokha chinkandibwerera: pothira tsiku lija, madzi otayikira padzanja adandiluma. Madzi ogona m'nyumba saluma chotero. Munthu wa mphuno yamoyo akadangowerama pandowa n'kudziwa. Ine ndidayenera kupeza njira ina.

Ndidatenga kamwala kakuda kosalala pabawo, ndidakatsuka bwino, ndipo popeza manja anga sankaloledwa m'madzi, ndidakamanga ndi ulusi kuti ndizikakola ndi ndodo. Ulusi umene ndidali nawo udali wofiira, wosomoka kumpango wa malemu mkazi wanga umene ndimasunga m'chikwama. Ndidakamiza pansi pa ndowa imodzi, m'kakhonde mwamdima muja. Ndidati ndikabwera kubawo n'kukapeza, ndiye kuti madzi ndi omwewo; ndikapeza palibe, wina wakhuthula. Ndidadziona wochenjera. Sindidaganize n'komwe mmene kamwala kakuda komanga ulusi wofiira kamaonekera m'maso mwa munthu wina, makamaka kakakhala ka nkhalamba ya ku Ntchisi imene angoitchula kumene kuti imadziwa mizu.

Nditabwera kubawo ndidapeza mwana wanga ali pakhomo nthawi ya ntchito. Asewere adachita kumuimbira foni. Kamwala kanga kadali pasosala pakati pa tebulo, pambali pake Baibulo ndi supuni imene adakanyamulira. Ndidayamba kufotokoza, koma mwana wanga adakweza dzanja nati tidikire bambo a m'nyumba muno. Ndowa zanga adazivundikiza pansi kuseri kwa khitchini, ndipo adandipempha kuti pathanki ndisayandikepo. Masiku amenewo ina ya nsomba ziwiri zija idafa, n'kutsala yamchira wong'ambika yokha.

Mpaka Loweruka mbale yanga ndi kapu yanga zinkatsukidwa pazokha. Asewere ankayamba nyimbo ya kutchalitchi akamadutsa pakhomo la kachipinda kanga, n'kuisiya akangopitirira. Zimenezo sizidandipweteke. Chidandipweteka n'chakuti mwana amene ndinkamunyamula paphewa kuwoloka naye mtsinje wodzaza popita kusukulu, sukulu imene ine pa msinkhu wake sindidaione, ankaika chakudya changa pampando n'kubwerera chafutambuyo.

Loweruka m'mawa tidakhala pabalaza anthu anayi, sosala ili pakati. Asewere adayankhula nthawi yaitali. Adayambira kwa malemu amuna awo, adadzera ku mishoni, adafika padziwe, natsirizira pasosala. Adati iwo sakuneneza munthu, koma zayambira pa nsomba, ndipo m'nyumba muno muli anthu amene akudikirabe mphatso ya mwana. Mwana wanga adagwetsa nkhope.

Akamwini adandipatsa mpata. Ndidanena kuti kamwalako n'ka bawo, ndidanena za ulusi, ndidanena chimene ndidakamizira. Ndikuyankhula ndidaona ndekha kuti zikumveka ngati bodza la mwana. Ndiye ndidatembenukira kwa mayi aja.

"Asewere, kamwalaka mudakapeza pati?"

"M'ndowa mwanu."

"Pansi pa madzi, m'kakhonde mopanda zenera, ndi maso anu otopa aja?"

Adakonza duku kumutu, kenaka adati adakapeza pabedi la mpiru kuseri, pamene amakhuthulira. Sadanene ngati munthu wogwidwa. Adanena monyada. Adati inde, m'mawa uliwonse ine ndikangotuluka amakhuthula uve umenewo, amatsuka ndowa ndi sopo, amatungamo madzi atsopano pampopi, n'kudonthezeramo klorini wa alangizi uja, chifukwa iwo sangalole kolera kulowa m'nyumba ya mwana wawo pofuna kusangalatsa nsomba. Adati adachita chimene mayi aliyense wolongosoka akadachita, ndipo ndowazo ankazibwezera zodzaza kuti pasakhale mkangano.

"Nanga ndi nsomba yanji imene imafa ndi madzi oyera?" adafunsa.

Akamwini adatseka maso. Atatsegula adayang'ana ine.

"Bambo, sopo ndi klorini, fungo lonselo simudalimve?"

Ndidati ndidali ndi chimfine. Mwana wanga adayang'ana kabotolo ka fodya kamene kankatukumula thumba la malaya anga.

Pamenepo ndikadakhala chete. Mayi aja adali atadzigwetsa okha. Koma ndidali nditameza zambiri: kapepala ka mankhwala, S woyang'ana kumbuyo, kapu yotsukidwa payokha. Ndidauza akamwini kuti awayang'ane bwino amayi awo pamodzi ndi sukulu yawo yonse ya ku mishoni, imene sidawathandize kumva mawu atatu olembedwa pandowa ndi munthu wa sukulu ya kwacha. Ndidati ngati pali mfiti ya nsomba pano, yavala magalasi. Ndidawaloza ndi chala, chimene munthu sachita kwa asewere ake, makamaka mwana wawo ali pomwepo.

"Wakupha m'nyumba muno si ine," ndidatero.

"M'nyumba muno, inde," adayankha iwo, akutseka Baibulo.

Akamwini adaimirira. Adati nkhani ya nsomba yathera pomwepo, ndipo sakufuna kuimvanso kwa wina aliyense. Adatola kamwala kaja ndi zala zawo, osati ndi supuni, nakaika m'dzanja langa. Kenaka adavala nsapato za kumunda natuluka.

Ndidaganiza kuti ndapambana. Ndowa zanga zidabwerera m'kakhonde, nditazitsukuluza kambirimbiri kuti sopo achoke, ndipo palibe adazikhudzanso. Kapu yanga idabwerera pakati pa anzake. Ndidayamba kutchera khutu kuti ndimve za minibasi ya ku Madisi, ndipo ndikamadutsa pachipinda cha alendo ndinkayang'ana zenera lija ngati munthu woyang'ana munda wake umene wabwereketsa. Asewere ndi ine tidasiya kuyankhulana, ngakhale moni. Tikakumana m'kakhonde aliyense ankakanirira kukhoma lake.

Koma akamwini sadagulenso nsomba zina. Maphunziro awo atatha, adasiya kukhala pathanki pobwera kuntchito. Chakudya ankadyera kuchipinda. Akandipeza pabalaza ankandipatsa moni wautali, waulemu wonse, wa munthu amene wakumana naye pamaliro, n'kupitirira. Wopepesa panalibe, ndipo ine sindidapepese.

Chimanga chitauma, mwana wanga adabwera kudzakhala pakhomo la kachipinda kanga. Adati kachipinda ka ku Malomo akasesa kale, aika ndi loko watsopano, ndipo ndikakhala kumeneko kwa kanthawi chabe, mpaka adzawonjezere chipinda china kuseri. Ndidafunsa za asewere, amene adali ndi nyumba ya malata ikungokhala.

"Ababa, mwamuna sangathamangitse amake chifukwa cha nsomba," adatero. "Komanso inu mudawaloza chala iye akuona."

Ndidamufunsa ngati za padziwe zija adazikhulupirira. Adati matumba afika Lachisanu.

Tsiku lonyamuka akamwini adakhuthula thanki okha. Madzi akale adawathira m'zigubu, nsomba ija adaiika m'ndowa ndi madzi ake omwewo, navundikira ndi nsalu yopyapyala. Galasi adalikulunga m'bulangete nalikweza m'galimoto pambali pa mpando wanga wandalema. Adandiuza kuti ndikafika ndiyambe ndathira akalewo, atsopano ndiziwonjezera pang'onopang'ono akagona.

"Tengani, bambo. Ine sindikuifunanso."

Anthu ena ndikawauza amati chidali chifundo. Sichidali chifundo. Munthuyo sankafuna kuona pabalaza pake chinthu chomukumbutsa mawu a amake ndi chala changa. Asewere sadatuluke kudzatsanzika. Ndidaona katani ya pazenera lija ikugwedera pamene galimoto inkakhota. Msewu wonse wa mapiri ndidagwira ndowa pamiyendo, madzi akundinyowetsa thalauzi pa bampu lililonse.

Pano ndili pa Malomo, kuseri kwa golosale, pamene njinga za kabaza zimaimikidwa. Chipinda chowonjezera chija sichidamangidwe. Madzi ndimatunga pampopi wa pamsika. Ndowa zanga ziwiri zimagona kuseri kwa chitseko, S wake akuyang'anabe kumbuyo. Popeza mphuno sidabwerere, ndimawagoneka nthawi yaitali kuposa mmene adandiuzira, ndipo ndimayesa ndi kuseri kwa dzanja pandowa ngati afunda mofanana ndi a m'thanki. Magetsi akazima kapampu kamaima, ndiye ndimatunga madzi a m'thanki momwemo ndi kapu yake n'kumawathira kuchokera m'mwamba mpaka mkono utatopa. Nsomba yamchira wong'ambika ikadalipo. Yakula, ndipo palibe woithamangitsa pa chakudya. Kamwala kaja ndimakamizabe pansi pa ndowa, ngakhale kiyi wa chipindachi ndili naye ndekha.

Ndimamva kuti asewere akadali m'chipinda changa chija cha ku Dowa, ndipo mwendo wawo wayambanso. Mkazi wa mwana wa mlongo wanga adandifunsa ngati sindikawazonda. Ndidati mwendo umenewo ndimaudziwa, umapola ukafuna.

Mwana wanga amabwera mwa apo ndi apo, ndi shuga ndi kachitini ka chakudya cha nsomba. Ulendo watha adafika masana kukutentha, atayenda pansi kuchokera pa siteji. Adakhala pabedi, adandiuza kuti akamwini ndi amayi awo andipatsa moni, ndipo ine ndidafunsa za mtengo wa feteleza. Kenaka adapempha madzi akumwa. Ndidamutungira mumtsuko wanga wovundikira, otunga m'mawa womwewo, osagona. Adalandira ndi manja awiri monga ndidamuphunzitsira. Maso ake adapita kuseri kwa chitseko, pandowa, pamene nsonga ya ulusi wofiira inkaoneka pansi pa madzi. Adagwira kapu ija nthawi yonse imene tinkacheza. Ponyamuka adaiika pansi pa mpando, yodzaza, nati ludzu lamutha lokha.

Nditamuperekeza ndidabwerera, ndidatola kapuyo, ndidakhuthulira m'ndowa ya nsomba kuti agone.